Kabokosi kati kamveke kuposa anzake? Kusankha ma weight powerengera oyandikana pa mapu a raster

Amene anatsegulapo mapu a SRTM osonyeza kukwera kwa malo, n'kuwakuza mpaka timabokosi titayamba kuoneka, amadziwa kukhakhala kwake. Mapu opangidwa ndi timabokosi chonchi ndiwo amatchedwa raster. Dambo lomwe mumalidziwa kuti ndi lathyathyathya, pa kompyuta likuoneka ngati munda wa mizere yokhotakhota. Deta imeneyi inatengedwa ndi radar ya pa chombo cha Endeavour mu February 2000, kabokosi kalikonse ndi pafupifupi mamita 30 mbali zonse, ndipo radar ija inkagunda pamwamba pa mitengo ndi madenga, osati pa dothi nthawi zonse. N'chifukwa chake ntchito yoyamba imakhala kusalaza. Mumatenga kazenera, tinene ka timabokosi 3 mulitali ndi 3 mulifupi, n'kukayendetsa pa mapu onse. Paliponse pamene kaima, kabokosi kapakati kamalandira nambala yatsopano yochokera kwa anzake ozungulira. Mu GRASS GIS ntchitoyi imagwiridwa ndi r.neighbors, mu ArcGIS ndi Focal Statistics, mu terra ya R ndi focal, mu Google Earth Engine ndi reduceNeighborhood.

Funso lomwe ambiri timalidumpha ndi lakuti, mwa timabokosi tili m'zeneramo, kodi tonse timveke mofanana? Pa mlandu wa malire a munda, mfumu imamvera kwambiri amene amalima moyandikana ndi malirewo kusiyana ndi wochokera kutsidya kwa mtsinje. Weight ndi chimenecho, nambala yonena kukula kwa mawu a kabokosi kalikonse. Taonani zenera ili la kukwera kwa malo m'mamita, pakati pali chimtengo chomwe radar inachiyesa chitunda:

800  810  820
805  900  825
810  815  830

Onse akamveka mofanana, avareji ndi 823.9. Mukapatsa kapakati weight ya 4, oyandikana nako m'mbali 2, a m'makona 1, n'kugawa ndi 16, mupeza 835.6. Mukatseka pakamwa kapakati poikapo 0, ena onse n'kumveka mofanana, yankho ndi 814.4. Mapu amodzi, zenera limodzi, koma mayankho atalikirana ndi mamita 21.

Zoyang'ana musanasankhe

Choyamba, manambala a pa mapu anu ndi miyeso kapena ndi mayina? Kukwera kwa malo, mvula ndi kutentha ndi miyeso. Mapu a zomwe zili pa nthaka amagwiritsa ntchito manambala ngati mayina chabe. Mu ESA WorldCover, 10 ndi mitengo, 30 ndi udzu, 40 ndi minda, 50 ndi nyumba. Avareji ya nkhalango ndi mudzi ndi 30, ndiye kompyuta ikujambulirani udzu pamalo pomwe palibe ndi tsekera lomwe.

Chachiwiri, chiwerengero chomwe mukufunacho chimamva ma weight? Avareji imamva, ndipo chomwe imasamala ndi kusiyana kwa ma weight wina ndi mnzake: 1, 2, 4 ndi 10, 20, 40 zimabala yankho limodzi chifukwa pamapeto pake mumagawa ndi kuphatikiza kwawo. Kuwonkhetsa chabe sikugawa ndi chilichonse, choncho zenera lathu lija limachoka pa 7,415 kufika pa 13,370 mukaikapo ma weight a 1, 2, 4, popanda chosintha pa nthaka. Nambala yaikulu kwambiri ndi yaing'ono kwambiri ndi zogontha. Mu r.neighbors, pa ziwirizi weight imangonena kuti kabokosi kalowe kapena kasalowe, moti 900 uja amakhalabe 900 kaya mwamupatsa 4 kapena 0.01. Mu ArcGIS, zenera la mtundu wa Weight limalola Mean, Standard deviation ndi Sum basi.

Zotsalazo ndi zinayi zomwe tiyesere njira iliyonse: mtengo, kutanthauza nthawi ya kompyuta ndi ndalama za laisensi kapena bandulo, kupezeka kwake m'mapulogalamu, kusamalira, kutanthauza ngati mnzanu angabwereze ntchitoyo chaka chamawa inu kulibe, ndi zoopsa zake.

Njira yoyamba: zenera la makona anayi, onse ofanana

Mtengo. Pa zenera laling'ono palibe chodandaulitsa. Vuto limabwera mukalikuza, pakuti timabokosi timachuluka mbali ziwiri nthawi imodzi: 3 kwa 3 ndi 9, 11 kwa 11 ndi 121, 51 kwa 51 ndi 2,601. Dziko la Malawi lonse pa mamita 30 ndi timabokosi toposa mamiliyoni 130, ndipo pa mamita 10 a zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2 timapitirira biliyoni. Chulukitsani nokha, kenako muganizire batire la laputopu yanu magetsi akazima ntchito ili pakati.

Kupezeka. Ili paliponse, ndipo ndi yomwe mumapeza mukangodina osasintha kanthu. QGIS ndi GRASS n'zaulere, ndipo r.neighbors imapezeka mu Processing Toolbox ya QGIS ngati GRASS yaikidwa limodzi. Focal Statistics imafuna laisensi yoonjezera ya Spatial Analyst kapena Image Analyst.

Kusamalira. Nambala imodzi yokha yoti mulembe, kukula kwa zenera. Koma ilembeni m'mamita. Zenera la 11 kwa 11 ndi mamita 330 pa SRTM, mamita 110 pa Sentinel-2, ndipo pa deta ya mvula ya CHIRPS, yomwe kabokosi kake ndi madigiri 0.05, ndi pafupifupi makilomita 60.

Zoopsa. Kabokosi ka pakona kali pa mtunda wa mamita 42 pamene ka m'mbali kali pa 30, komabe timamveka mofanana. Zotsatira zake, chinthu chimodzi chosongoka chimasiya chithunzi cha makona anayi pa mapu, ngati chidindo. Ndipo walira mvula walira matope: kusalaza komwe kwachotsa mitengo ya m'dambo ndi komwenso kumatsitsa nsonga ya Sapitwa kuchoka pa mamita 3,002 ake, n'kukwirira zigwembe zopapatiza zomwe madzi amatsikira. Ngati cholinga chanu n'kupeza malo otsetsereka oopsa, monga m'mbali mwa phiri la Soche momwe matope anakokolola nyumba nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023, zenera lalikulu la mtundu uwu likubisirani chomwe mukusakacho.

Njira yachiwiri: zenera lozungulira

Apa ma weight ndi 1 m'kati mwa bwalo ndi 0 kunja kwake.

Mtengo. Wotsikirapo pang'ono, chifukwa pa zenera lalikulu makona omwe mwadulawo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu.

Kupezeka. Mu r.neighbors ndi chizindikiro cha -c, chomwe sichiyendera limodzi ndi fayilo ya ma weight. Mu ArcGIS ndi Circle, mu terra ndi focalMat.

Kusamalira. N'kosavuta kufotokozera munthu amene si wa GIS. "Anthu okhala m'kati mwa makilomita 5 kuchokera pano" ndi chiganizo chomwe aliyense pa msonkhano wa khonsolo amachimva.

Zoopsa. Pa 3 kwa 3 bwalolo ndi bwalo m'dzina lokha, timabokosi tochepa chonchi sitingapange chozungulira. Malire ake ndi akuthwabe: mudzi womwe uli mamita 4,990 umawerengedwa wonse, wa mamita 5,010 kulibe. Samalaninso ngati mapu anu ali m'madigiri. Cha ku Mulanje kabokosi ka SRTM ndi pafupifupi mamita 29.7 kum'mawa ndi kumadzulo, 30.7 kumpoto ndi kumwera, kusiyana kosadetsa nkhawa. Amene akugwira ntchito pa mapu a London apeza mulifupi mwatsika kufika pa mamita 19, bwalo lija lasanduka dzira. Kwathu kuno kusamutsira mapu ku UTM 36S, EPSG:32736, komwe miyeso ili m'mamita, kumathetsa nkhaniyi ntchito isanayambe.

Njira yachitatu: ma weight otsika ndi mtunda, a Gauss

Katswiri wa mapu Waldo Tobler ananena mu 1970 kuti zinthu zonse n'zogwirizana koma zoyandikana zimagwirizana kwambiri kuposa zotalikirana. Njira iyi imangotsatira maganizo amenewo. Kapakati kamamveka kwambiri, mawu n'kumazilala pang'onopang'ono kupita kunja, ndipo liwiro la kuzilalako limalamulidwa ndi nambala imodzi yotchedwa sigma. Ma weight a 1, 2, 4 aja ndi kamwana ka njira imeneyi.

Mtengo. Mukawerengera kabokosi ndi kabokosi, ndi yodula kuposa yoyamba ija chifukwa imafuna zenera lotambasuka kuti isalaze mofanana. Koma Gauss ali ndi khalidwe labwino: angathe kuyendetsedwa kaye m'mizere yopingasa, kenako m'mizere yotsika, yankho n'kukhala lomwelo. Zenera la 51 kwa 51 limafuna masitepe 102 m'malo mwa 2,601. Umu ndi momwe gaussian_filter ya SciPy, ya mu Python, imachitira, n'chifukwa chake imamaliza inu musanathire shuga mu tiyi. Earth Engine imachotsa katunduyo pa kompyuta yanu n'kuuika pa bandulo ya intaneti.

Kupezeka. Ilipo mu r.neighbors, mu focalMat ya terra, ndi mu ee.Kernel.gaussian. Mu Focal Statistics mumayenera kuwerengera ma weight nokha n'kuwalemba m'fayilo.

Kusamalira. Apa m'pamene pali ntchito. Manambala oti musunge ndi awiri, sigma ndi kukula kwa zenera, ndipo mapulogalamu sayesa sigma ndi muyeso umodzi. GRASS imawerenga m'timabokosi. Earth Engine imayamba ndi ma pixel pokhapokha mutaiuza kuti meters. focalMat imatsata muyeso wa mapu anu, ndiye mukalemba 500 pa mapu a m'madigiri mwapempha zenera lalikulu kuposa dziko lapansi. Mayina a zosankha amasinthanso: chomwe chinali gauss mu GRASS 7 chinasanduka weighting_function ndi weighting_factor mu GRASS 8, moti script yakale ingathe kukana kuyenda.

Zoopsa. Choyamba ndi kusagwirizana kwa sigma ndi zenera. M'bwalo la sigma imodzi kuchokera pakati muli 39 peresenti yokha ya kulemera konse, m'masigma awiri 86, m'masigma atatu 99. Choncho zenera lifike masigma atatu mbali iliyonse; sigma ya timabokosi 2 imafuna 13 kwa 13. Mukaipanikiza mu 5 kwa 5, kabokosi ka pakona kamakhalabe ndi 0.37 ya mawu a kapakati, ndipo mwabwerera ku njira yoyamba ija mutangoiveka dzina lapamwamba. Mbali inayo, sigma ya 0.5 imapatsa kapakati 62 peresenti ya mawu onse, ndiye chimtengo chija chimatsala chili chiimire.

Chachiwiri n'chakuti kukondera kumachepetsa mboni. Timabokosi 9 ta ma weight a 1, 2, 4 timachotsa phokoso ngati timabokosi 7 tofanana. Mwasunga maonekedwe a malo, mwalipira ndi kukhakhala kotsalira.

Chachitatu ndinapsa nacho ndekha. Ndinkasalaza mapu a m'mphepete mwa nyanja cha ku Salima, nyanjayo nditaichotsa kuti ikhale NoData, kutanthauza timabokosi topanda deta. Ma weight ndinali nditawagawa kale ndi 16 kuti aphatikizane kukhala 1, ndiye ndinangouza pulogalamu kuti iwonkhetse, idumphe timabokosi topanda kanthu. Pakati pa mtunda zonse zinali bwino. M'mphepete munatuluka kamzere kakuda ngati ngalande kotsata gombe lonse. Nditadina kabokosi kamodzi ndinawerenga 360, pamalo a mamita 480, pomwe madzi a nyanjayo ali cha m'ma 474. Mzere wakum'mawa wa zenera, wa ma weight 1, 2, 1, unali utagwera m'madzi. Panatsala 12 mwa 16, ndipo 480 kuchulukitsa ndi 0.75 ndi 360 ndendende. Asodzi a pagombe ndinawaika pansi pa nyanja mamita oposa 100. Mankhwala ake ndi kugawa ndi ma weight a timabokosi totsala tokhato. Avareji ya r.neighbors imachita zimenezi yokha, ndipo r.mfilter imachita mukaika divisor pa 0. Kwina mumayendetsa zenera kawiri, pa deta ndi pa mapu a 1 ndi 0 osonyeza pomwe pali deta, n'kugawa woyamba ndi wachiwiri.

Njira yachinayi: ma weight olemba nokha

Mphete yopanda pakati, kachidutswa koloza mbali imodzi, kapena ma weight ena okhala pansi pa 0. Ambiri timagwiritsa kale ntchito zoterezi osadziwa. Kutsetsereka kwa malo komwe gdaldem ndi r.slope.aspect zimawerengera kumatsata njira ya Horn ya 1981, yomwe ndi zenera la 3 kwa 3 la ma weight 1, 2, 1 mbali ina ndi otsutsana nawo mbali inayo. TPI, yosonyeza ngati malo ndi chitunda kapena chigwa, ndi kapakati kuchotsapo avareji ya mphete: pa zenera lathu 900 kuchotsa 814.4 ndi 85.6.

Mtengo. Kompyuta siidandaula kuposa pa njira zina za kukula komweko, kungoti zidule zofulumizitsa zija nthawi zambiri sizigwira. Mtengo weniweni ndi nthawi yanu yoganiza ndi kuyesa.

Kupezeka. GRASS ndi ArcGIS zimalandira fayilo wamba ya manambala; ya ArcGIS imayamba ndi mzere wonena mulifupi ndi mulitali. ArcGIS ilinso ndi Annulus ndi Wedge zokonzeratu, zopanda kusiyanitsa kulemera. Mu terra mumapereka matrix. r.neighbors imafuna kuti kukula kwa zenera kukhale nambala yosagawika ndi 2, kuti pakhale kabokosi kapakati.

Kusamalira. Kolemetsa kuposa njira zonse. Kafayilo kaja kakasochera, mapu anu palibe angawabwereze, ngakhale inuyo. Kasungeni m'foda imodzi ndi mapu, pamodzi ndi chiganizo chonena chifukwa chomwe munasankhira manambalawo. Mukasintha kukula kwa timabokosi, fayilo yonse iyenera kulembedwanso.

Zoopsa. Ma weight akaphatikizana kukhala 0, monga amachitira osaka malire a zinthu, avareji imagawa ndi 0 ndipo mapu amatuluka opanda kanthu; apa pamafunika kuwonkhetsa. Zenera lokondera mbali imodzi lingathenso kutembenuka: mu SciPy, convolve imalitembenuza pamene correlate imalisiya momwe mwalembera. Munthu wofuna kuona komwe mphepo ya mwera, yochokera kumwera chakum'mawa, imakankhira utsi wa moto wa m'tchire angajambule mapu okongola oloza kolakwika. Kuyesa kwake n'kwa mphindi ziwiri. Pangani ka raster ka ma 0 okhaokha kokhala ndi 1 m'modzi pakati, yendetsanipo zenera lanu, muone komwe 1 uja wamwazikira.

Choopsa chachikulu sichili mu kompyuta. Ndi manambala 25 oti muwasinthe momwe mufunira, mungathe kutulutsa mapu alionse omwe abwana akufuna kuona. Ngati simungaimirire pagulu n'kufotokoza chifukwa chomwe kabokosi aka kali ndi 3 osati 2, ma weight amenewo ndi maganizo anu chabe. Ndipo madzi musawayerekeze ndi zenera. Amatsata kutsetsereka kwa malo, komwe kumasintha kabokosi ndi kabokosi, pamene zenera ndi lomwelo paliponse. Ntchito imeneyo ndi ya r.watershed ndi zinzake.

Njira yachisanu: kusiya avareji, kutenga yapakati kapena yochuluka

Nthawi zina timavutika ndi ma weight pomwe cholakwika ndi chiwerengero. Mukandandalika manambala a zenera lathu kuyambira waung'ono, wapakati ndi 815. Chimtengo chija chachoka osasiya fungo, popanda weight iliyonse. Mukaikapo ma weight a 1, 2, 4, omwe apa amatanthauza kuti 900 walembedwa kanayi pa mndandanda, yankho limangosuntha kufika pakati pa 815 ndi 820.

Mtengo. Median, nambala yapakati ija, imachedwa kuposa avareji chifukwa cha kusanja manambala pa zenera lililonse.

Kupezeka. Median ndi mode, nambala yomwe yachuluka m'zenera, zopanda ma weight zili paliponse, ArcGIS imatcha mode kuti Majority. Zokhala ndi ma weight mumazipeza mu r.neighbors.

Kusamalira. Kochepa, ngati njira yoyamba.

Zoopsa. Mode imadya tinthu tating'ono. Kankhalango ka kumanda pakati pa minda ya chimanga, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, msewu wopapatiza, zonsezi zimagonja pa chisankho cha ochuluka. Kukweza weight ya kapakati kumaziteteza pang'ono. Pakakhala kufanana mphamvu, pulogalamu iliyonse ili ndi kagamulidwe kake, ndiye mapu awiri ochokera ku deta imodzi angasiyane m'malire.

Njira iti pa ntchito iti

Ngati mukusalaza SRTM kapena mapu anzake a Copernicus GLO-30 kuti mujambule mizere ya kukwera kwa malo kapena mthunzi wa mapiri, tengani Gauss wa sigma ya kabokosi kamodzi kapena tiwiri, zenera lofika masigma atatu. Pakakhala timinga tapatalipatali, yambani ndi median ya 3 kwa 3. Mapu omwe mudzawerengerepo kutsetsereka koopsa asalazeni pang'ono kwambiri, kapena osawakhudza n'komwe.

Powerenga anthu ozungulira mjigo, sukulu kapena chipatala pa deta ya WorldPop ya mamita 100, tengani bwalo la 1 ndi 0 n'kuwonkhetsa. Yankho limakhala anthu enieni omwe mungawatchule mu lipoti. Mukaikapo Gauss mupeza muyeso wa kuyandikira, wothandiza poyerekeza malo awiri, koma musaulembe kuti ndi chiwerengero cha anthu.

Pa mapu a zomwe zili pa nthaka, mode ya 3 kwa 3 imakwana kuchotsa timadontho. Mukafuna kudziwa kuchuluka kwa mitengo mozungulira malo, sandutsani kaye mapuwo kukhala 1 pa mitengo ndi 0 pena paliponse. Pamenepo avareji ya bwalo kapena ya Gauss imakhala ndi tanthauzo, gawo la malo lomwe lili ndi mitengo.

Zitunda ndi zigwa zimafuna mphete, ndipo yesani ziwiri, yaing'ono ndi yaikulu, chifukwa chulu ndi phiri sizioneka pa muyeso umodzi.

Deta ya timabokosi tikulutikulu ngati CHIRPS isiyeni momwe ilili. Zenera la 3 kwa 3 pamenepo ndi makilomita oposa 16, okwanira kusakaniza mvula ya m'minda ya tiyi kumwera kwa phiri la Mulanje ndi ya mbali youma ya ku Phalombe.

Ngati mapu anu ali ndi gombe, malire a dziko kapena mabowo a mitambo, njira iliyonse yomwe mwasankha, dinani timabokosi tingapo ta m'mphepete muyerekeze ndi mapu oyamba musanatumize kwa wina aliyense. Ndipo amene ali ndi laputopu yofooka ndi dera lalikulu ayambe wakuza timabokosi, tinene kuchoka pa mamita 10 kupita pa 30, asanayendetse zenera la mtunda womwewo: timabokosi ta pa mapu timachepa ka 9, ta m'zenera ka 9, ntchito yonse ka 81.